A Fakiri ndi Khomo la Mpasa

A Fakiri Amiri anasankhidwa kukhala tcheyamani wa komiti ya padoko tsiku lomwe iwo kunalibe n'komwe. Anali ku Kanyenda, ku maliro a mlamu wawo. Pobwerako, fumbi lili mbuu m'miyendo, anangomva amayi akuwalonjera ndi dzina lachilendo: "Mwayenda bwanji atcheya?" Anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwawo kukubwera munthu wina, koma m'njiramo anali okha.

Doko limeneli lili kumathiriro a Bua, pomwe mtsinje umalowa m'nyanja. A Fakiri anabadwira pomwepo, anakulira pomwepo, ndipo kutali komwe anafikako pa moyo wawo wonse ndi ku Salima, ulendo umodzi wokha, kukazulitsa dzino. Sukulu yawo inali madrasa ya pamzikiti. Zilembo za Chiarabu ankazitsata ndi chala bwinobwino, koma za Chingerezi kwa iwo zinali ngati mopalasa nkhuku. Chomwe ankachidziwa kuposa wina aliyense padokopo ndi mpasa.

Mpasa imakhala m'nyanja, koma siswera m'nyanja. Mvula ikagwa, madzi a Bua akafiira, imakwera mtsinje kukaikira mazira pamiyala kumtunda, cha kunkhalango. Anthu a kumathiriro ankaidikira panjira. Ankamanga biyo, mpanda wa mitengo ndi bango wodutsa mtsinje, n'kutchera miyono m'mipata yake. Mmisiri wa biyo anali a Amiri, bambo awo a Fakiri, ndipo lamulo lawo linali limodzi: pakati pa mtsinje, pamene pali pakuya, pazisiyidwa khomo loti bwato lidutse wopalasa osakweza nkhafi. Pakhomo pamenepo sipankatcheredwa mono, ngakhale chaka cha njala. Munthu akafunsa chifukwa, a Amiri ankangoti, "Amene akudutsa apowo ndi amayi apakati. Ukagwira onse, chaka chamawa utchera ndani?"

A Amiri atamwalira, ntchito inatsalira a Fakiri, ndipo anaigwira zaka zoposa makumi atatu. Khomo ankaliyeza okha, osatuma munthu. Anakwatira a Nadia, anabereka ana asanu, awiri n'kuwaika m'manda ali akhanda. Anyamata awiri anapita ku Joni, ndipo ankaimba foni pa Idi pokha. Wotsala pafupi anali Asiya, mphunzitsi wa pulayimale cha ku Dwangwa. Masiku abwinowo mpasa yowamba a Nadia inkatha basi isanazime n'komwe pamsewu. Kenako anthu anachuluka, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inathera ku makala, masikito a kuchipatala anasanduka makoka, ndipo mpasa inayamba kuchepa. Nyamakazi inawagwira a Fakiri m'mawondo, a Nadia anamwalira, ndipo za biyo anasiyira ena. Anatsala munthu wa pakhonde, woyenda ulendo umodzi wokha, wa kumzikiti.

Ndiye kunabwera bungwe lina la ku Lilongwe, pa galimoto yoyera, n'kunena kuti likufuna kuteteza mpasa. Linati pasankhidwe komiti ya anthu khumi. Amene anathamanga nazo ndi Dyton, bambo wa ana atatu, wogula nsomba padoko n'kukagulitsa ku Kasungu, munthu wa njinga yamoto ndi Chingerezi cha Fomu 4 chomwe sichinkamusiya pakamwa. Dyton sanali wopusa. Ankadziwa kuti wogulitsa mpasa akakhala pampando woteteza mpasa, alendo afunsa mafunso. Choncho anadzitengera ulembi, mpando n'kuupereka kwa munthu amene sanakanganepo ndi aliyense, wolemekezeka kumzikiti ndi kutchalitchi komwe, wa ndevu zoyera zokoma pachithunzi. Palibe anatsutsa.

Tisanamizane, a Fakiri anakondwa. Munthu amene wakhala zaka zinayi akulankhula ndi nkhuku zake, akauzidwa kuti mudzi ukumufuna, mtima umadumpha. Anachapitsa mkanjo, anagula mzuli watsopano. Ankaganiza kuti awaitana chifukwa cha zomwe akudziwa.

Utcheya wake unali wotere. Pamsonkhano ankawakhazika pa mpando wapulasitiki wokhala ndi mikono, ena onse pabenchi. Ankatsegula ndi duwa, pemphero la Chisilamu, kenako Dyton ankaimirira ndi kope lake n'kulankhula mpaka dzuwa lipendeke. Chidindo cha komiti chinkagona m'chikwama cha Dyton. Mapepala onse anali a Chingerezi, ndipo Dyton ankabwera nawo pakhonde, kabokosi ka inki kali kumanja. "Tidindireni apa atcheya. Izi n'za majekete osambira." A Fakiri ankapereka chala chachikulu, Dyton n'kuchigwira mwaulemu, kuchiviika, kuchitsindika papepala. Alendo akabwera, a Fakiri ankaima patsogolo, kugwirana nawo chanza, kumwa Fanta woyamba. Akayamba kufotokoza za khomo la biyo, Dyton ankamasulira mawu atatu okha, alendo n'kumwetulira.

Tsiku lina kunabwera mayi wachizungu ndi bwana wina wa bungwe lija. Ali pagalimoto, mayiyo anafunsa kanthu, bwanayo n'kuloza a Fakiri ndi chibwano, kutchula mawu amodzi motsitsa. Awiriwo anaseka pang'ono. A Fakiri makutu anali akadali akuthwa, ndipo mawuwo anawasunga masabata awiri, kudikira Asiya.

Asiya anabwera Loweruka. Anakhala pamphasa akusankha mpunga m'lichero, bambo ake ali pampando wandalema.

"Iwe Asiya, figahedi ndi udindo wanji?"

Dzanja la Asiya linaima m'lichero. "Mwawamva kuti mawu amenewa, ababa?"

"Yamba wayankha. Kapena ndalakwitsa kutchula?"

"Mwatchula bwino. Kungoti eni ake amakankha koyambako, fi, kwinako n'kumangotsetsereka." Anatulutsa foni n'kuyamba kuisisita, osati chifukwa sankadziwa, koma ankafuna pobisa maso. "Ndi mawu a amalinyero. Kalekale azungu akakhoma chombo chachikulu chamatanga, ankasema chifaniziro chamtengo, mwina cha mkazi, mwina cha mkango, n'kuchikhomera kutsogolo kwenikweni, kumphuno kwa chombo. Figa ndiye chifanizirocho. Hedi ndi mutu, kutanthauza kutsogolo kwa chombo."

A Fakiri anachita chidwi. Agogo awo ankayendetsa zombo zamatanga za amalonda akale, zowoloka nyanja kupita kutsidya. "Zathu zinalibe zimenezo. Msilamu sasema munthu. Nanga chinkagwira ntchito yanji? Chinkagwira tsigiro?"

"Ayi."

"Chinkaona mwera ukamabwera?"

"N'chamtengo, ababa. Chinali chokongoletsa basi, kuti a padoko azidziwa kuti chabwera chombo chakuti." Asiya anaika foni pamphasa. "Kenako anayamba kutchula choncho munthu amene ali ndi mpando ndi dzina, koma zochita zonse akupanga ena."

A Fakiri anayang'ana nkhuku zikutola mpunga wogwa. "Chombo chikagunda mwala, choyamba kusweka n'chiyani?"

"Chomwecho."

"Ndiye kuti sananditukwane. Anangonena."

Sanapse mtima. Chomwe chinawagwira ndi manyazi, manyazi oti chinthu chomwe ankachidziwa okha mumtima chinali ndi dzina kale m'chiyankhulo cha eni ake. Asiya anawapempha kuti atule pansi udindo, iwo n'kuvomera ndi mutu. Koma sanatule. Ndani angawaweruze? Kunja kwa mpando wapulasitiki uja kunali khonde ndi nkhuku. Anadziuza kuti bola akhalepo, kuti tsiku lofunika munthu wodziwa likadzafika, adzapezeke pafupi.

Tsikulo linafika mu Epulo. Amayi anayamba kudutsa pakhomo pawo atasenza mabeseni a mpasa, osati imodzi imodzi monga zinalili zaka zimenezo, koma zodzadza mpaka michira kulendewera. Padoko panali chimwemwe, anthu akuti nsomba zabwerera. A Fakiri anaimitsa mayi wina, anatenga nsomba imodzi n'kuifinya pamimba. Mazira anatuluka pa chala chawo. Anatenga ina, chimodzimodzi. Munthu womanga biyo sauzidwa. Nsomba zochepa sizichuluka mwadzidzidzi. Zikadzadza m'beseni ndiye kuti palibe yomwe ikudutsa.

Anapempha a Abubakar, mnzawo wa kuubwana amene mikono inali ikadali ndi mphamvu, kuti awapalasire bwato. Atakhota pabango anaona biyo. Linachoka gombe ili kufika gombe linalo, lopanda khomo, lopanda ndi mpata wolowa dzanja, ndipo pansi ponse analikuta ndi masikito kuti ngakhale kansomba kotalika ngati chala kasapulumuke. Kumunsi kwake madzi ankachita thovu ndi nsomba zogunda mpanda.

Mwini biyo anali Raston, msuweni wa Dyton. Anavula chipewa n'kuwomba m'manja. "Takulandirani atcheya. Tithokoze chifukwa cha chilolezo chija."

"Chilolezo chiti?"

Raston anakatenga pepala lomwe ankalisunga m'jumbo ya shuga. A Fakiri sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi, koma pansi pake panali chala, ndipo pakati pa chalacho panali kamzere koyera. Chinali chipsera cha mbedza yomwe inawabaya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Majekete osambira aja anali amenewa.

"Mwanawe, ukudziwa chomwe ukuchita?"

"Ndikudziwa atcheya," anatero Raston, osakweza mawu. "Koma nthawi ya bambo anu kuno kunali mabanja khumi. Lero tawerengani madenga. Ndikasiya khomo, a kumtunda atseka lawo, nsomba zomwezi adya iwo. Ndiye ine ana anga ndiwauza kuti chiyani?"

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zomwe zinawawawa kwambiri a Fakiri. Akanakonda akanapeza munthu woipa.

Kwa nthawi yoyamba chikhalireni pampando, anaitanitsa msonkhano okha. Anaimba chitsulo cha pamtengo wa mango ndi dzanja lawo, ndipo anthu anabweradi, ena chifukwa chodabwa. A Fakiri anaimirira n'kulankhula za khomo, za muyeso wake, za mazira omwe anawaona pa chala. Analamula kuti mawa lomwe pakati pa biyo patsegulidwe. Anthu anawomba m'manja, amayi awiri analuluta. Kenako Dyton anaimirira ndi kope lake.

"Tamva malangizo ozama a atcheya athu. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndawalemba, ndipo tidzawakambirana pamsonkhano wa Julayi."

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti pofika Julayi nsomba zambiri zidzakhala zitathera m'miyono. Anthu anabalalika mwaulemu, aliyense akudutsa pamaso pa a Fakiri atawerama pang'ono. Palibe anawanyoza. Akanawanyoza bola, akanadziwa kuti mawu awo agunda penapake.

M'mawa mwake, atachoka ku swala, mapemphero a kumzikiti, anavula mkanjo, anavala kabudula wakale wa kumadzi, anatenga chikwanje. A Abubakar anayesa kuwaletsa. "Achimwene, mawondo amenewo? Ndiponso muli ng'ona umu." A Fakiri anangokwera m'bwato, ndipo mnzawoyo anatola nkhafi.

Pakati pa mtsinje madzi anawafika m'chifuwa, ozizira mpaka m'mafupa. Anagwira mtengo woyamba ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kudula luzi. Anthu a Raston anaima pagombe, manja ali m'chiuno. Palibe anasuntha. Ndani angagwire mkono wa munthu wamkulu chotero anthu akuona? Mbiri inathamanga, ndipo posakhalitsa kunamveka njinga yamoto. Dyton anatsika n'kuyang'ana. Anatulutsa foni n'kuikweza m'mwamba.

A Fakiri anazula mitengo inayi, n'kung'amba masikito ndi chikwanje. Mpata wake sunali wokwana bwato, ngakhale theka lake, koma madzi anaupeza. Kenako anazimva. Sanazione chifukwa madzi anali ofiira, koma zinkawakhula m'miyendo, imodzi, ina, zitatu pamodzi, zolemera, zothamanga, zikukwera. Anaima chilili mpatawo uli pakati pa miyendo yawo, misozi ikutsikira m'ndevu. Chimwalirireni a Nadia anali asanakondwepo chotero.

Bondo lamanja ndi lomwe linawagwetsa. Anamira mpaka mzuli unayandama, ndipo amene anadumphira m'madzi kukawavuula anali Raston yemweyo. Anawabereka kumsana mpaka pagombe, anawafunditsa jekete lake, mkazi wake n'kubweretsa tiyi wotentha. Onse ankangoti pepani atcheya, pepani. Nthawi ya swala ya masana isanakwane, mitengo inayi ija inali itabwerera m'malo mwake.

Chibayo chinawagoneka masabata atatu. Asiya anapempha tchuthi kudzawasamala. Ali chigonere ankadikira uthenga woti komiti yawachotsa, ndipo ankaulakalaka, chifukwa munthu amene wachotsedwa ndiye kuti anachitapo kanthu. Uthengawo sunabwere. Anauza Asiya kuti alembe kalata yotula pansi udindo, m'Chichewa, ndipo anaidinda ndi chala atamuuza kuti awawerengere kawiri.

Dyton anabwera yekha kudzayankha, atanyamula buledi ndi paketi ya shuga. Anagwada pakhomo.

"Atcheya, kalata taiona. Koma malamulo athu amati komiti ivomereze kaye, ndipo onse asanu ndi anayi akana. Angakusiyeni bwanji panopa?" Anatembenuza foni. Pagalasi panali nkhalamba ili m'madzi ofika m'chifuwa, chikwanje chili m'mwamba. "Ndinatumiza ku Lilongwe tsiku lomwelo. Akondwa kwambiri. Akuti m'madoko onse palibe tcheyamani wolimba mtima chonchi. Ntchito yathu aiwonjezera zaka zitatu."

"Unawauza kuti pofika masana munali mutatsekanso?"

"Sanafunse zimenezo, atcheya."

"Chala changa sudzachionanso."

"Musavutike nazo. Chidindo chimakwanira."

Chithunzicho anachikulitsa n'kuchikhoma pa chikwangwani kumsewu waukulu, pansi pake atalembapo Chingerezi. Anthu a m'minibasi ankachiloza. A Fakiri sanapiteko kukachiona. Anasiya kupita kumisonkhano, koma mpando wa mikono uja ankautulutsabe, n'kulemba kuti atcheya apepesa chifukwa cha thanzi. Pachisankho chotsatira anawasankhanso, popanda wopikisana naye. Anthu odutsa pakhonde ankawapatsabe moni wa atcheya, ndipo iwo ankayankha, popeza moni sakana.

Chaka chotsatira biyo linamangidwanso, gombe ndi gombe, koma mabeseni sanadzadze. Chaka chinacho amayi ankadutsa ndi nsomba ziwiri zitatu zomangidwa pa luzi. Chaka chachitatu mvula inagwa bwino, madzi anafiira pa nthawi yake, koma Raston atawerengera mitengo yodula ndi masiku oima m'madzi, anaona kuti n'kudzivutitsa chabe. Anapita kukadula nzimbe ku Dwangwa. Palibe wina anamanga.

Mwezi wa Juni Dyton anaimika njinga pakhomo, nkhope ili mwee. A Fakiri anali atafooka kwambiri tsopano, atakhala padzuwa, bulangete lili m'miyendo.

"Atcheya, ndabwera ndi nkhani yabwino. Mwapambana. Chaka chino kuno kulibe biyo ngakhale limodzi. Ndalemba mulipoti kuti ndi chifukwa cha utsogoleri wanu, ndipo akuti akubweretserani satifiketi."

A Fakiri anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwa.

"Nanga mpasa? Zakwera zingati?"

Dyton anatsegula chikwama, anatulutsa fomu, anayendetsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuitembenuza kuseri.

"Funso limenelo palibe apa, atcheya."